Kupalasa kayaki m'mbali mwa chipululu nkumagona pagombe: poyambira ndi pati

Chimene chimadabwitsa munthu pa ulendo ngati uwu wa pa kayaki, kabwato kopapatiza kopalasa ndi nkhafi, nchakuti umakhala pamadzi tsiku lonse koma chimene chingakuphe msanga ndi ludzu. Mbali iyi nyanja yamchere mpaka maso kutopa, mbali inayi mchenga, miyala ndi tizitsamba taminga, kulibe mpopi, kulibe chitsime, netiweki ya foni inathera kumbuyo dzana. Ndiye pulani yonse imadalira zinthu ziwiri basi, madzi amene mwanyamula ndi mphepo imene simungaiuze zochita. Zinazi, kaya tenti yokongola kaya kamera yodula, nzongowonjezera. Tiyeni tiyende nazo mwa ndondomeko, kuyambira mudakali kunyumba.

Sankhani gombe komanso nyengo yake

Magombe a chipululu sali ofanana ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa chongoona zithunzi. Malo amene anatchuka kwambiri pa nkhaniyi ndi Baja California ku Mexico, dera lalitali pafupifupi makilomita 1,200 limene lili ndi nyanja mbali zonse ziwiri. Mbali ya kummawa, ku Gulf of California, madzi amakhala odekha kusiyana ndi ku Pacific, ndiye anthu amakonda kupalasa kuchokera ku Loreto kutsikira ku La Paz, kapena kuzungulira chilumba cha Espiritu Santo. Koma ngakhale kumeneko, miyezi yozizira kuyambira cha mu November mpaka March kumabwera mphepo yakumpoto imene amaitcha El Norte, ikayamba imatha masiku awiri, atatu kapena kuposa osapuma, inu muli khale pagombe kuwerenga zigubu. Cha ku La Paz nyengo yotentha kuli ina, Coromuel, imeneyi imayamba madzulo nkuchezera usiku onse. Ku Musandam ku Oman vuto ndi lina, mapiri amiyala amagwera mnyanja molunjika ndiye mutha kupalasa maola osapeza pokocheza, komanso nyengo yotentha kumapitirira madigiri 40, anthu amapitako miyezi yozizira. Ku Namibia nako, chipululu cha Namib chimafika mpaka mmadzi koma madziwo ndi ozizira chifukwa cha madzi oyenda mnyanja ochokera kummwera otchedwa Benguela, chifunga chimagwa mmawa, mafunde ndi aakulu, ndipo ku Skeleton Coast sumangolowa opanda chilolezo. Munthu woyamba kumene kumeneko akangopalasa pang'ono ndi nyama za mnyanja zotchedwa ma seal ku Pelican Point kufupi ndi Walvis Bay nkubwerera, akwanitsa.

Ine ndinganene kuti ulendo woyamba usankhe gombe lotetezeka ku mafunde aakulu, lokhala ndi pokocheza pafupipafupi, ndipo masiku asapitirire atatu kapena anayi. Fufuzaninso za chilolezo. Zilumba za ku Gulf of California zinalowa mu kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2005 ndipo malo ngati Loreto ndi paki, pamafunika chilolezo komanso pali malamulo a pogona ndi moto. Safunsa anadya phula.

Phunzirani kugwa musanaphunzire kuthamanga

Kayaki ya pa nyanja si ija yaifupi yonenepa yosewerera pa hotela. Iyi imakhala yaitali mamita 5 kapena kupitirira pang'ono, yopapatiza, masentimita 55 mpaka 60 basi, ili ndi zipinda ziwiri zotsekeka kutsogolo ndi kumbuyo zimene zimasunga katundu komanso mpweya kuti isamire ikagudubuka. Mumakhala mkati miyendo ili tambalale, nkuvala kasiketi kamene kamatseka pakamwa pa kayakiyo kuti mafunde asalowe. Musananyamuke ulendo uliwonse pitani pa madzi odekha ndi munthu wodziwa, mugudubuke dala. Inde dala. Mumve mmene zimakhalira mutu uli pansi, mukoke kachingwe ka siketi, mutuluke, osataya nkhafi komanso osaisiya kayaki chifukwa kayaki yopanda munthu mphepo imaithamangitsa kuposa mmene inu mungasambire. Kenako phunzirani kukweranso muli pakati pa madzi, kaya mnzanu akugwirirani kaya nokha pogwiritsa ntchito kathumba kampweya kamene mumaveka kunsonga kwa nkhafi, nkupopa madzi ndi pampu ya mmanja. Bwerezani mpaka zitopetse, kenako bwerezaninso tsiku la mphepo kayaki itadzaza katundu, chifukwa kugudubuka kwenikweni sikuchitika pa madzi ogona.

Kapalasidwe nakonso, musakoke ndi mikono yokha, mufa nayo tsiku loyamba lomwelo. Mphamvu imachokera mchiuno ndi msana, thupi likupotoka, phazi likuponda pa chopondera.

Ndipo musapite nokha. Anthu atatu ndiye nambala yabwino, mmodzi akavulala wina atsala naye wina akasaka thandizo.

Madzi, apa ndiye tikhalitsepo

Werengani malita 4 pa munthu aliyense pa tsiku, amenewo ndi akumwa ndi kuphikira basi, osati osamba. Kukakhala kotentha kwambiri pangani 5 kapena 6. Kenako onjezerani a masiku awiri apadera a mphepo ija ingakutsekereni pagombe. Ndiye ulendo wa masiku 7 ndi malita 28 kuphatikiza 8, onse 36, ndipo lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye kuti makilogalamu 36 a madzi okhaokha musanaike chakudya, tenti ndi zina. Mwaona tsopano chifukwa chake kutalika kwa ulendo sikumakhala nkhani ya mphamvu zanu koma ya malo mu kayaki. Ngati njira yanu ili ndi kamudzi ka asodzi pakati, musangoganiza kuti mukapemphako, iwonso madzi awo amachita kubwera nawo kuchokera kutali, funsiranitu musananyamuke ngati kuli kogula kapena konzani kuti bwato lina likakusiyireni zigubu pa gombe limene mwagwirizana.

Madziwo musaike mu chigubu chimodzi chachikulu. Chikabooka mwatha. Gawani mmatumba amadzi ofewa aja a malita 4, 6 kapena 10, ndi mabotolo angapo, matumba ofewa ndi abwino chifukwa amagona bwino pansi pa kayaki ndipo akatha mumangopinda. Lembani manambala pa thumba lililonse, madzulo aliwonse wina aziwerenga nkunena mokweza kuti tatsala ndi malita akuti, masiku akuti. Zimaoneka ngati zachibwana koma zimathetsa mkangano ndipo zimakuuzani tsiku lobwerera nthawi isanathe.

Madzi a mnyanja musamwe, ngakhale pang'ono pongonyowetsa kukhosi. Lita imodzi ili ndi mchere pafupifupi magalamu 35, impso zanu zimafuna madzi ambiri kuti zichotse mcherewo kuposa amene mwamwawo, ndiye ludzu limangokula. Sefa wamba wa madzi a mumtsinje sachotsa mchere, musanamizidwe. Kuli timakina topopa pamanja tochotsa mchere, koma kakang'ono kamatulutsa pafupifupi lita imodzi pa ola mukupopa osaleka, ndiye ndi ka pangozi osati ka tsiku ndi tsiku. Kumene madzi amchere amathandiza ndi kutsukira mbale, kusamba, kunyowetsa chipewa ndi malaya kuti thupi lizizire, komanso pophika mutha kusakaniza kapu imodzi ya amchere ndi awiri kapena atatu abwino osathiranso mchere wina.

Kumwa kwake, pang'onopang'ono tsiku lonse, botolo likhale pomwe dzanja likufika muli mkati mopalasa. Yang'anani mkodzo, ukakhala wachikasu chodera komanso wochepa ndiye kuti mwatsalira. Thukuta limachotsanso mchere mthupi ndiye nyamulani timapaketi ta ORS.

Kulongedza

Yalani katundu yense pansi kunyumba, kenako chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu, simudzalisowa. Matumba osalowa madzi akhale ang'onoang'ono ambiri osati aakulu awiri, chifukwa pakamwa pa zipinda zija ndi popapatiza. Zolemera, makamaka madzi ndi zamzitini, zikhale pansi komanso pafupi ndi pamene mumakhala, zopepuka ngati chogonera ndi zovala zikankhireni kunsonga. Kumanja ndi kumanzere kulemere mofanana, apo bii kayaki izingopendekera mbali imodzi tsiku lonse mpaka msana kuwawa. Pamwamba pa kayaki pasakhale mulu wa katundu, mphepo imaugwira ngati thanga, pakhale mapu mu pulasitiki, pampu, nkhafi yapadera ndi botolo basi. Zitsulo ndi mabatire zitalikirane ndi kampasi, zimaisokoneza ndipo izo sizikuuzani.

Zinthu zopulumutsa moyo zikhale pathupi panu, mmatumba a laifu jaketi, osati mu kayaki. Wenzulo, kagalasi kowalitsira dzuwa, kampeni, tochi yaing'ono, wayilesi yolankhulirana ya VHF yosalowa madzi, ndi kachipangizo ka PLB kamene mukakadina kamatumiza uthenga wa ngozi ku satelayiti pa 406 MHz. PLB muilembetse mdzina lanu musanapite kuti opulumutsa adziwe akusaka ndani. Pa VHF tchanelo cha ngozi ndi 16, koma dziwani kuti wayilesiyi imafika pomwe palibe chotchinga, inu muli pansi penipeni pamadzi kuseri kwa phiri mwina palibe angakumveni, nchifukwa chake pa gombe lakutali PLB kapena kachipangizo kotumizira mameseji pa satelayiti nkofunika kwambiri. Kachiwirika kali ndi ubwino wina, mutha kulandirirapo za nyengo.

Musaiwale tepi yolimba yomatira kayaki ikang'ambika pa mwala, zomangira mabala, mankhwala anu a masiku onse, ndi kambaula ka gasi kokhala ndi chotchingira mphepo. Zovala zikhale za manja aatali zopepuka, chipewa chachikulu chachingwe, magalasi adzuwa achingwe nawonso, mafuta oteteza kudzuwa mpaka kunsi kwa chibwano ndi mphuno chifukwa dzuwa limabwerera kuchokera pamadzi. Koma juzi ndi chipewa chofunda zisatsale, usiku wa mchipululu umazizira modabwitsa. Kumalo a madzi ozizira ngati Namibia valani poganizira kuti mugwera mmadzi osati poona dzuwa.

Chomaliza musanatseke chitseko, siyani pulani yolembedwa kwa munthu wodalirika. Muli angati, makayaki amtundu wanji, mugona gombe liti tsiku liti, ndipo tsiku ndi ola limene akapanda kumva za inu aimbire opulumutsa, nambala yake mulembepo.

Tsiku lopalasa limayamba kudakali mdima

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mchipululu mtunda umatentha msanga dzuwa likakwera, mpweya wotentha umakwera kumwamba, ndiye mphepo yozizira ya kunyanja imathamangira kudzatseka malowo. Zotsatira zake, mmawa nyanja imakhala ngati galasi, ikamakwana 11 koloko kamphepo kayamba, masana mafunde oyera ali mbwee. Ndiye inu dzukani 4 kapena hafu 4, pasulani tenti ndi tochi ya pamutu, idyani, longedzani, dzuwa likamatuluka nkhafi ikhale ili mmadzi. Kulongedza kumatenga maola awiri masiku oyamba, musadzinamize kuti ndi mphindi 30. Anthu amadana nazo zodzuka usikuzi koma amene wagona mpaka 8 amakalipira masana, akupalasa ndi mphamvu zonse mwala womwewomwewo uli pambali pake osasuntha.

Kayaki yodzaza katundu pa madzi odekha imayenda pafupifupi makilomita 5 pa ola. Ndiye maola anayi ndi kupuma pakati mwapanga makilomita 15 mpaka 20, zokwanira. Pa mapu chongani gombe lomwe mukufuna kukagona, komanso ena awiri othawirako lisanafike. Kumbukirani kuti mutakhala mu kayaki maso anu ali mmunsi kwambiri, pamwamba pa madzi mumangoona mtunda wa makilomita atatu, gombe lamchenga lathyathyathya silioneka mpaka mutayandikira, ndiye gwiritsani mapiri ndi nsonga za mtunda ngati zizindikiro, GPS ikhale yotsimikizira chifukwa batire limatha koma mapu satha chaji.

Mphepo muziiwerenga chonchi. Mukayamba kuona timafunde toyera apa ndi apo, yafika cha mma noti 10 kapena 12, noti imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Kwa oyamba kumene pamenepo nkuyamba kuyang'ana pokocheza. Ikafika 15 mpaka 20 musakhale pamadzi. Koma yoopsa kwambiri ndi ija yochokera kumtunda kupita kunyanja, chifukwa mukaima pagombe madzi amaoneka osalala bwinobwino, mukangotalikira pang'ono yakutengani, ndipo mukamapita kutali mafunde akukulirakulira, kubwerera nkosatheka. Imakonda kutulukira mzigwa ndi mmipata ya mapiri ngati yatsekulidwa pa mpopi. Mukamadutsa pakamwa pa chigwa yang'anani patsogolo ngati madzi ada kapena akuchita tsembwe, ndipo kakamirani kufupi ndi gombe ngakhale njira italike. Pa nsonga za mtunda napo mafunde ndi mkokomo wa madzi zimasonkhana, pitanipo mmawa, mutapuma, mutamwa madzi, muli pamodzi.

Kuwoloka kupita ku chilumba, chitani kokha ngati za nyengo zili bwino ndipo mwatsala ndi mphamvu. Gulu liyende pa liwiro la munthu wochedwa kwambiri, motalikirana pomwe mukumvana mukakuwa. Ndipo tsiku limene mwadzuka nkumva tenti ikukupiza usiku onse, musakambirane nthawi yaitali, khalani. Madzi a masiku awiri aja munanyamulira tsiku limeneli.

Kukocheza

Pa gombe lodekha palibe nkhani, mumangotsetsereka nkutsika. Pomwe pali mafunde osweka imani kaye kunja kwake muwaonerere mphindi zingapo, amabwera mmagulu, akuluakulu angapo kenako kabata pang'ono. Wodziwa kwambiri ayambe, enanu mmodzimmodzi iye akukupatsani zizindikiro ndi nkhafi. Lolani funde lidutse pansi panu kenako palasani mwamphamvu kumbuyo kwake, osati kutsogolo kwake, likakunyamulani limakutembenuzirani chammbali nkukugubuduzani ndi katundu yense. Mukagunda mchenga tulukani fasti, gwirani kunsonga, kokani. Musaime pakati pa kayaki ndi gombe, kayaki yodzaza madzi funde likaikankha imathyola mwendo.

Potsika mmadzi osaya amchenga musaponde ngati mukuguba, kwekwesani mapazi pansi. Kuli nsomba zathyathyathya zija za stingray zimene zimadzikwirira mumchenga, mukaiponda imakubayani ndi munga wa kumchira, koma mukamakwekwesa imamva nkuthawa. Wina akabayidwa viikani phazilo mmadzi otentha mmene angapirire osapsa, cha mma digiri 45, kwa mphindi 30 mpaka 90, ululu umatsika, kenako tsukani bala bwinobwino ndipo akaonedwe ndi achipatala.

Pomanga tenti

Nyanja yaikulu imadzaza nkuphwa chifukwa cha kukoka kwa mwezi ndi dzuwa, malo ambiri kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukakhala mdima madzi amakwera kwambiri kuposa masiku ena. Kumpoto kwa Gulf of California kusiyana kwake kumafika mamita 7, gombe limene munafikira masana lili lotakasuka usiku mulipeza lamira. Ndiye nyamulani tebulo la nthawi za kudzaza ndi kuphwa losindikiza papepala, ndipo mukafika yang'anani mzere wa zinyalala za mnyanja, ndere zouma, tizigoba ndi timitengo, umene madzi anasiya. Pakakhala mizere ingapo tengani wapamwamba kwambiri, tenti ikhale kumtunda kwake ndithu. Ngati kumbuyo kwa gombe kuli chiphompho chamwala chopanda pokwerera ndipo mchenga onse ndi wosalala wonyowa, pamenepo si pogona, pitirirani.

Makayaki nawo akwere mpaka pamzere omwewo. Tsitsani katundu kaye kenako nyamulani anthu awiri kapena anayi, kukoka pamiyala kumadya pansi pake. Mangani chingwe ku mwala kapena chitsamba cholimba usiku uliwonse, ngakhale kukhale bata lotani, nkhafi ndi laifu jaketi mulowetse mkati mutseke. Kudzuka nkupeza kayaki palibe pa gombe lopanda msewu, ndi nkhani imene sindifuna nkomwe kuiganiza.

Malo ena amene amakopa ndi pakamwa pa khwawa louma. Pamakhala pathyathyathya, mchenga wofewa, mwinanso kamthunzi ka mtengo. Koma madzi saiwala khwawa. Mvula itha kugwa kumapiri kutali komwe simukuona, inu kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha, chigumula cha matope ndi miyala nkutsika usiku. Gonani chammbali pokwera, osati mkatikati mwake.

Mumchenga zikhomo wamba za tenti sizigwira, zimazuka ndi kamphepo koyamba. Mangani chingwe pakati pa kamtengo kapena pa kathumba kodzaza mchenga, kumbani dzenje lakuya masentimita 30, kwirirani chopingasa nkupondaponda, kapena sanjikizani miyala ikuluikulu pa chingwecho. Khomo la tenti lifulatire mphepo. Ndipo chifukwa mwafika masana dzuwa lili paliwombo, choyamba kuimika si tenti koma lona ya mthunzi, nkhafi ziwiri zimagwira ntchito ngati mizati. Tenti masana ndi uvuni. Khalani pansi pa lona, imwani madzi, gonani pang'ono, zoyendayenda kukaona chipululu zidikire dzuwa lipepe.

Wina akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru, thukuta lili kamukamu, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mupatseni madzi ndi ORS pang'onopang'ono. Koma akayamba kubwebweta, kusokonezeka, kudzandira, imeneyo ndi ngozi yeniyeni, mthireni madzi a mnyanja thupi lonse kapena mumuviike ndithu mutamugwira mutu, mukupizeni, ndipo dinani PLB osadikira kuti tione kaye.

Anzanu a usiku

Chipululu chimaoneka chopanda kanthu masana koma usiku chimadzuka, ndipo chilichonse kumeneko chikusaka madzi ngati inu nomwe. Ku Baja ankhandwe a kumeneko amadziwika ndi kuboola matumba amadzi ndi mano komanso kukoka nsapato, ku Namibia kuli ankhandwe ndi afisi oderako amene amayendera gombe, pa zilumba zina ndi mbewa. Ndiye madzi ndi chakudya zigone mzipinda za kayaki zotseka, osati panja, osatinso mu tenti. Zinkhanira zimakonda kubisala mu nsapato, pansi pa miyala ndi mu nkhuni, mmawa kutumulani nsapato ndi zovala musanavale, potola mwala ugubuduzeni kaye ndi phazi lovala. Zipi ya tenti ikhale yotseka nthawi zonse. Usiku musayende opanda tochi komanso opanda nsapato, njoka zimatuluka kukazizira.

Ngati mwaona mikwasa ngati ya thirakitala yaing'ono kuchokera mmadzi kukwera mumchenga, ameneyo ndi kamba wa mnyanja anabwera kudzaikira mazira. Samukani pamenepo ndipo musawalitse matochi kugombe.

Moto, chimbudzi ndi zinyalala

Phikani pa gasi. Mitengo ya mchipululu imakula mochedwa kwambiri ndipo ngakhale youma ndi nyumba ya tizilombo tina, musathyole. Kumene malamulo amalola moto, tolani timitengo tobwera ndi nyanja, kolezani kamoto kakang'ono kumunsi kwa mzere wa madzi uja, kayake mpaka phulusa, zimitsani ndi madzi a mnyanja osati kukwirira ndi mchenga, makala okwiriridwa amakhala amoto mpaka mmawa nkuotcha phazi la mnzanu.

Nkhani ya kuchimbudzi anthu amachita nayo manyazi koma ikambidwe musananyamuke. Mchipululu dothi ndi louma, zinthu siziola msanga, zimene mwakwirira lero wina adzazipeza chaka chamawa. Mapaki ambiri amafuna kuti munyamule zonse mmatumba apadera kapena mkachimbudzi konyamula, ndipo imeneyo ndiyo njira yaukhondo. Kumene kulibe lamulo limenelo komanso kulibe anthu, pitani kutali ndi pogona, kumunsi komwe nyanja idzafike ikadzaza, koma mapepala okha abwerere nanu mu thumba lotseka. Sambani mmanja ndi sopo nthawi zonse, kutsegula mmimba pa malo oti madzi ndi owerengeka ndi tsoka lalikulu. Zitini phwanyani, mapulasitiki pindani, zonse zilowe mmalo amene madzi akumwa achokamo.

Mchere ndi mchenga zimadyanso thupi mwakachetechete. Mkhwapa, mchiuno ndi pamatako pamayamba zilonda chifukwa cha zovala zamchere zokhuza khungu. Madzulo nyowetsani kansalu ndi theka la kapu ya madzi abwino mupukute malo amenewo, valani zouma zimene sizinakhudze nyanja, zogonera zokhazokha. Matuza a mmanja amateni ndi tepi akangoyamba kufiira, osadikira aphulike.

Mmawa wonyamuka, makayaki akakhala mmphepete mwa madzi, mmodzi abwerere akayende pomwe munagona ndi tochi, kuyang'ana zikhomo, zingwe, tizipepala, nkugubuduzira miyala ija komwe inali. Mukafika kumapeto a ulendo, musanasake shawa kapena chakumwa chozizira, imbirani kaye munthu uja munamusiyira pulani kuti asadzutse opulumutsa pachabe. Kenako tsukani zonse ndi madzi opanda mchere, makamaka mazipi, zingwe za chiwongolero ndi wayilesi, yanikani pamthunzi, ndipo lembani penapake malita amene munamwadi tsiku lililonse, nambala imeneyo ndi imene mudzawerengere madzi a ulendo wotsatira.